Ndinalowa mu Zomba Chafutambuyo

Tsiku limene anthu ophunzira adzakhale pansi kulemba mbiri ya maulendo a pamsewu m'dziko lino, asadzavutike kufunafuna dzina loika pa tsamba loyamba. Dzinalo ndi langa. Ndine mwana woyamba wa ku Chiringa kulowa mu Zomba, likulu la boma, pa galimoto yofiira ya mipikisano, anthu atandanda m'mbali mwa msewu, ena akuvula zipewa. Olemba mbiriwo akhoza kusiya tizinthu tating'ono iti: kuti galimotoyo sinali yanga, kuti ndinalowa chafutambuyo nditakhala pa teyala lapadera, ndiponso kuti zipewazo ankavulira mng'ono wanga.

Kwathu amanditcha Aphunzitsi. Sindinaphunzitsepo munthu. Ndinapita ku sukulu ya uphunzitsi ya amishoni, ndinakhalako chaka ndi miyezi inayi, kenaka ine ndi akuluakulu a sukuluyo tinasiyana maganizo pa nkhani ya masamu. Iwo ankati ndalephera, ine ndinkati mafunsowo anali opanda ulemu. Ndinabwerera kumudzi ndi sutikesi, tayi ndi Chingerezi, ndipo dzina la Aphunzitsi linandikakamira ngati chisoso pa buluku.

Mng'ono wanga Layisoni analekezera Sitandade 1 kuti atsibweni athe kuphunzitsa ine, mutu wa banja. Anaweta mbuzi, atakula anauyatsa wa ku Halale, kumene anakhala zaka zisanu ndi zinayi atagona chagada pansi pa magalimoto a azungu. Masiku a Chitaganya atangoyamba, anabwera. Anzake ankabwera ndi njinga, olemera kwambiri ndi galamafoni. Iye anabwera ndi galimoto ya mipando iwiri, yopanda denga, ya mphuno yaitali ngati ng'ona. Mzungu wina anaiombetsa pamtengo n'kuitaya, Layisoni anaitola, n'kumaiwongola pang'onopang'ono zaka ziwiri mpaka inadzuka.

Tsono misewu ya kwathu muidziwe. Malole a thonje amakumba ngalande ziwiri, pakati n'kusiya mzere wonga wa mbatata. Galimoto ya Layisoni inali yaifupi miyendo ngati bakha, moti mimba yake inkakhula mzerewo. Iye sanadandaule. Anasema zipika zinayi za mtengo wa tsanya, anazilowetsa pakati pa masipulingi ndi ekiselo, n'kuzimanga ndi mabawuti aatali amene anakasulitsa kwa wosula makasu. Galimoto inakwera ngati munthu wopinda buluku powoloka mtsinje, ndipo inayamba kudutsa ngakhale m'njira za ngolo.

"Layisoni wakonza zimene mzungu analakwitsa." Mawu amenewa ndinawamva kutchalitchi, ndinawamva pachitsime, ndinawamva pamowa. Amayi anayamba kupha nkhuku pa zifukwa zosamveka, ndipo ntchafu zonse ziwiri zinkadziwa mbale yolowera. Atsibweni, amene kale ankanditumizira mpando ndikabwera kudzawawerengera kalata, tsopano mpandowo ankaupereka kwa Layisoni, ine n'kumawerenga chiimire. Sindinachite nsanje. Munthu wophunzira sachita nsanje. Ndinkangodwala mutu galimotoyo ikalira.

Chinthu chimodzi chokha chinali m'manja mwanga. Galimotoyo inabwera ndi buku lake, lochindikala, la Chingerezi, ndipo m'mudzi monse wotha kuliwerenga ndinali ine.

Mvula yoyamba itagwa ndinalandira kalata. Ofesi ina ya boma ku Zomba inkafuna makalaliki, ndipo inandiitana kukayesedwa Lolemba, naini koloko m'mawa. Atsibweni atamva anangoti, "Ukalephera kumenekonso, khasu lako lili pakhonde. Ndanoletsa kale." Lole ya mmwenye inkapita Lachinayi lokha, choncho amayi analamula kuti Layisoni andiperekeze.

Loweruka ndinamupeza akupukuta galimoto, atsikana atatu ataima chapatali ndi mitsuko imene inali itadzaza kalekale. Mutu unayamba kuwawa. Ndinakatenga buku.

"Iwe Layisoni, buku la galimoto yakoyi unaliwerengapo?"

"Ndimaonera zithunzi, achimwene."

"Ndimadziwa. Tamvera. Pano alemba msinkhu umene galimoto iyenera kukhala nawo kuchokera pansi." Izi zinali zoona. "Ndipo apitiriza kunena kuti munthu woikweza ndi mitengo, apolisi akamupeza m'tauni, amulande." Izi zinali zanga.

"Atchula mitengo?"

"Atchula."

"Tsanya?"

"Mitengo yonse. Tsanya ali poyambirira."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, nsanza ili m'manja. Kenaka anati, "Ngati buku latero, achimwene," n'kutenga jeke. Dzuwa lisanapendeke galimoto inali itabwerera ku ubakha wake. Zipika zija ndinazinyamula ndekha kukapatsa amayi, amene ankaphika kalongonda, nyemba zija zofuna moto wa tsiku lathunthu. Anayamikira kuti nkhuni zake n'zosatha msanga. Mabawuti aatali aja Layisoni anawakulunga m'nsanza n'kuwaponya m'thumba la masipanala. Ndinaona, koma sindinaganizepo kanthu.

Lamulungu amayi anakana kuti tinyamuke mapemphero asanathe, choncho tinachoka dzuwa lili paliwombo. Layisoni anapukusa handulo, injini inabangula, agalu a mudzi wonse anayankha. Mailosi oyambirira anali a ulemerero. Ndinakhala pa mpando wachikopa, tayi akuuluka paphewa, dzanja nditalikweza monga amachitira Bwanamkubwa. Koma anthu m'mbali mwa msewu ankangofuula "Layisoni! Layisoni!" Mmodzi yekha ndiye ananditchula. Anati, "Aphunzitsi, gwirani chipewa!" Chinali chitapita kale.

Tisanafike pa Migowi tinamva kulira koyamba pansi: khweee. Kenaka kachiwiri, kotalikirapo. Layisoni anakweza mateyala a mbali yake pa mzere wapakati uja, a mbali yanga n'kumayenda m'tchire, moti galimoto inapendekera kwa ine ndipo udzu wonse wa pakati pa Chiringa ndi Migowi unandipatsa moni kumaso.

Pa Migowi tinaima kuti tithire madzi m'injini. Mwini sitolo, Mchawa wa kofiya woyera, anazungulira galimoto kawiri.

"A Layisoni, dzana chinthuchi chinali ndi miyendo. Yapita kuti?"

"Buku, Che."

"Buku ladya miyendo?"

"Achimwene awerenga."

Anandiyang'ana, anayang'ana buku limene ndinali nditalipana m'khwapa, n'kupukusa mutu. Mwini sitoloyo anapatsa Layisoni tiyi wamkaka ndi sikono, ulere. Ine anandipatsa madzi ndi malangizo akuti ndichotse udzu m'tsitsi.

Tinadutsa pa Phalombe bwinobwino, tikukhula pansi mwa apo ndi apo. Titapitirira pang'ono tinapeza masamba atayalidwa mopingasa msewu, ndipo nyimbo zinkamveka kuseri kwa mitengo ya mango. Maliro. Layisoni anazimitsa injini, n'kuvula chipewa. Ine ndinalibe chovula.

Apa panabuka mlandu umene unali usanaweruzidwepo chilengedwere dziko. Wapanjinga akafika pa maliro amatsika n'kukankha, zimenezo aliyense amadziwa. Lole ya mmwenye imangochepetsa liwiro. Galimoto ya mzungu imadutsa, poti mwini wake sadziwa mwambo. Nanga galimoto ya mwana wa konkuno, amene amayi ake timawadziwa? Amuna achikulire anachoka pasiwa n'kudzakhala pansi pa mango kuti aikambe bwino nkhaniyi. Ine ndinkayang'ana dzuwa. Itatha pafupifupi ola, ndinaona kuti maphunziro anga akufunika.

"Pepani akuluakulu," ndinatero, "galimoto si njinga. Njinga ili ndi mateyala awiri, iyi ili ndi anayi."

Mkulu wina wopanda mano akutsogolo anagwedeza mutu. "Aphunzitsi anena zoona. Ndiye kuti ndi njinga ziwiri. Ulemu wake ukhalenso uwiri."

Chigamulo chinali chakuti tikhale kaye pansi tipepese anamfedwa, kenaka galimoto ikankhidwe mpaka pamene nyimbo zalekera kumveka. Layisoni ankayenda pambali dzanja lili pa chiwongolero, pang'onopang'ono, mutu atazolika, amayi a pamaliropo akunong'onezana kuti mwanayu analeredwa bwino. Wokankha kumbuyo, amene thukuta linkatsikira m'tayi, palibe anafunsa za kaleredwe kake. Ndipo ndikuuzeni, amayi a kumeneko amaimba mokweza.

Pamene nyimbo zinazilala tinapeza munthu akutidikira. Anali a Mulipa, mlamu wa malemuyo, bambo wamfupi wa jekete la kunkhondo, nkhwangwa ili paphewa. Anatumidwa kukauza mwana wa malemu, amene ankaphikira mzungu ku Zomba, ndipo akanayenda wapansi masiku awiri. Mthenga wa maliro sakanizidwa. Munthu wa imvi sakhala pa teyala. Mipando inali iwiri, ndipo masamu amenewa ngakhale ine ndinawakhoza. Ndinakwera kumbuyo, ndinakhala pa teyala lapadera lomangidwa kumchira, nkhope italoza kumene tachokera, manja atagwira lamba.

"Mpando uwu ngofewa ngati chiwindi," ndinawamva a Mulipa akutero. "Aphunzitsi, kumeneko kuli bwanji?"

"Kuli mphepo yabwino."

"Eya, anthu a sukulu mumakonda mphepo."

Kuyambira pamenepo ulendo ndinauona chobwerera. Phiri la Michesi linkachepa pamaso panga, midzi ndinkaidziwa titaidutsa kale. Kutsogolo awiriwo anagwirizana ngati anabadwa tsiku limodzi. Mawu sankandifika, kunkangondifika kuseka, ndipo munthu amene ali pa teyala amadziwa kuti kuseka kulikonse n'kwa iye.

Titawoloka mtsinje wa Phalombe tinalowa m'dambo la makande, dothi lakuda lija limene likanyowa limagwira phazi ngati ulimbo. Mvula inali itagwa Lachisanu. Malole anali atakumba ngalande zofika m'mawondo, mbali zonse kuli madzi, kopatukira kulibe. Layisoni anayesa. Galimoto inakhula, inabuula, kenaka inakhala pansi ndi mimba, mateyala akuzungulira m'malere ngati miyendo ya kamba woikidwa pa chitsa. Paipi ya utsi inatsala kumbuyo, itagona m'matope. Ndinayamba kuiona ndine, ndipo imeneyi ndiyo ntchito yokha imene malo anga anathandiza.

Tinakumba ndi manja, tinakankha, a Mulipa anatukwana m'Chilomwe, dzuwa linalowa. Tinagona pakhonde la munthu wachifundo m'kamudzi kapafupi. Ine ndinagona ndi kalata ija m'thumba la malaya, ndipo usiku wonse khasu la atsibweni linkanyezimira m'maso mwanga.

Tambala atalira kachiwiri Layisoni anandigwedeza.

"Achimwene, mundilole ndilakwire buku. Apolisi akatigwira mudzawalankhula Chingerezi."

Ndinati pa zifukwa zapadera buku limalola.

Koma mtengo tiupeza kuti? M'dambomo munali bango, mapapaya ndi mango awiri amene mwini wake akanatiphera. Tili chiimire, a Mulipa anakweza chala. Kuseri kwa nyumba kunkamveka thi, thi, thi. Mayi wina, mwana ali kumbuyo, ankakonola chimanga ndi munsi wautali, wakuda, wosalala ndi manja a zaka zambiri. A Mulipa anaugogoda ndi chala n'kuyang'ana Layisoni. Layisoni anagwedeza mutu.

"Mayi, tigulitseni munsiwo."

"Munsi? Amuna atatu, m'mawa uno, mukufuna munsi? Akazi anu anathawa tsiku limodzi?"

"Tikufuna tiudule, tikwezere galimoto."

"Muudule! Munsi uwu anandisemera malemu bambo anga. Ndiye ana angawa ndiziwasinjira chiyani, tayi wa bambo awa?"

Anzake awiri anali atafika kale, manja m'chiuno. Mayiyo anatchula sheleni. A Mulipa anati pa sheleni akhoza kugula munsi, mtondo ndi mwamuna wosinja. Mayiyo anati mwamuna wosinja sanamuonepo, ndipo atamuona akhoza kutsitsa mtengo. Anagwirizana pa sikisi, koma chimanga chimene chinali mumtondo chithe kaye kukonoledwa, ndipo wokonola akhale mmodzi wa ife. Layisoni anali ndi jeke yoti akonze. A Mulipa anali mthenga wa maliro. Ndalama za Layisoni zonse zinali zitalowa m'thanki ya petulo. Onse awiri anandiyang'ana, ndipo anandiyang'ana kawiri: koyamba za sikisi, kachiwiri za munsi.

Ndinakonola. Ndikufuna olemba mbiri adziwe kuti kukonola kuli ndi masamu akenso, ndipo sindinawakhoze. Chimanga chinkathawa mumtondo, nkhuku zinasonkhana kuchokera m'midzi itatu, amayi aja anayambitsa nyimbo yondithandiza imene mawu ake sindingawalembe. Dzuwa linatuluka, linakwera, likundiyang'ana. Mayiyo anapeta, anayang'anitsitsa, anati ndibwerezenso pang'ono.

A Mulipa anaudula munsi panayi ndi nkhwangwa yawo, Layisoni n'kusalaza zipikazo. Koma jeke inkangomira m'matope. Anaika bango, inamira. Anaika chigoba cha papaya, inamira. Ine ndinali nditaima pambali ndi buku m'khwapa, kuti anthu asaiwale udindo wanga.

"Aphunzitsi," anatero a Mulipa, "tabwerekeni mnzanuyo, nayenso agwireko ntchito."

Analiika pansi pa jeke. Silinamire. Mainjiniya a ku Mangalande analemba buku lolimba, zimenezo ndivomereze. Galimoto inakwera ngodya imodzi imodzi, ndipo Layisoni anapisa dzanja m'thumba la masipanala n'kutulutsa kansanza kaja. Mabawuti aatali analowa m'malo mwawo ngati sanachokepo. Paipi ya utsi anaimanga ndi waya. Atapukusa handulo, galimoto inadzuka pa miyendo ya munsi n'kutuluka m'dambomo osakhudza pansi ngakhale kamodzi.

Kuchokera apo Layisoni anathamanga monga sindinaonepo. Pa Jali ndinangoona msika ukuchepa ndi anthu akuloza. Mlatho wa Likangala ndinaumva ndi msana. Mu Zomba tinalowa monga ndanenera poyamba paja, koma dzuwa linali litatsala pang'ono kufika pamutu.

Pakhomo pa ofesi panali mesenjala wa chipewa chofiira. Ndinamulankhula Chingerezi changa chonse, chimene ndinachisunga chaka ndi miyezi inayi. Anandimvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza, n'kuyankha m'Chinyanja.

"Mayeso ayamba naini, bambo. Atha. Mudzayesenso chaka chamawa." Anayang'ana tayi wanga, amene anali woyera ndi gaga. "Mwachokera kosinja?"

Ndinatsika masitepe aja pang'onopang'ono. Khasu lija tsopano ndinkalimva m'manja.

Galimoto ndinaipeza pafupi ndi msika, anthu ataizinga. A Mulipa anali akutsanzika kuti akafune mwana wa malemu. Anamugwira Layisoni dzanja ndi manja awiri. Ine anandisisita paphewa n'kunena kuti, "Mumakonola bwino, Aphunzitsi, kungoti mumataya." Pansi pa galimoto pankatuluka miyendo iwiri ya munthu wovala nsapato zabwino. Mwini miyendoyo atatuluka tinaona kuti ndi mmwenye wina wa malole, amene malole ake ankathyoka masipulingi mlungu uliwonse pa msewu womwe tinadzerawo.

"Wachita izi ndani?"

"Ndine, bwana."

"Mtengo wanji uwu?"

"Munsi, bwana."

Mmwenyeyo anaseka mpaka anakhala pa bampala. Kenaka anati Layisoni ayambe ntchito m'galaja mwake mawa lomwe, akhale kapitawo wa amakaniko. Anthu anawomba m'manja. Mutu wanga unayamba kuwawa mbali zonse ziwiri.

"Ndibwera, bwana," anatero Layisoni, "koma ndi achimwene angawa. Ine zolemba sindidziwa. Iwowa amawerenga buku, mpaka mawu amene mulibemo amawaona."

Ananena osamwetulira. Mmwenye anati kalaliki wotero ndiye amene wakhala akumufuna.

Anthu atabalalika tinakhala awiri pa bampala, tikudya chinangwa chootcha chimene mayi wina anapatsa Layisoni, ulere.

"Unadziwa liti?" ndinamufunsa.

"Loweruka lomwelo. Ku Halale magalimoto okweza ndi ambiri, achimwene. Ena ndi a apolisi."

"Nanga unachotseranji zipika?"

Anatafuna kaye. "Chibwerereni ine munali musanandiuzepo kanthu. Tsiku limenelo munanditchula dzina, munabwera ndi buku. Ndinati ndikakana, basi, simudzandilankhulanso. Zipikazo ndimati ndizitenga mobisa, tikavutika ndibwezeretse. Ndinakazipeza pansi pa kalongonda."

Ndinayang'ana phiri la Zomba nthawi yaitali, poti munali gaga m'maso mwanga.

M'galaja muja ndinakhalamo zaka khumi ndi chimodzi, ndikuwerengera amakaniko mabuku a malole ndi kulemba makalata oitanitsa zitsulo. Khasu la atsibweni linachita dzimbiri pakhonde. Dzina la Aphunzitsi linatha, ndinasanduka "achimwene a Layisoni," ndipo sindikudziwa ngati kumeneko n'kukwera. Za Loweruka lija Layisoni sanauze amayi, sanauze atsibweni, sanauze ngakhale mkazi wake. Akanandinena, bwenzi titakangana n'kuiwala. Koma anangokhala chete, ndipo zimenezo sindinamukhululukire mpaka lero.

Galimoto ija inayenda pa munsi womwewo zaka zina zisanu. Anthu akamaitamanda ndinkawakumbutsa kuti eni ake tilipo awiri: zapamwamba zonse, zofiira ndi zonyezimira, n'za Layisoni, koma chimene chikuinyamula n'changa. Ndinagula ndekha, ndi thukuta langa, m'dambo la makande. Chipewa sindiwerengera, chinali cha atsibweni. Ulendo wonsewo unandidyera sikisi.